CIRALA CIKADZANSO CIDZATIPEZA BWANJI?

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za cirala, ndiponso za njira zimene mudzi ungathe kutsata kuti cirala cikafika usagwe, ndipo ukagwa udzuke msanga. Kapena kwanuko mvula yagwa bwino, ndipo mudzati, "Nanga munthu ameneyu atikumbutsiranji za njala ife tiri okhuta?" Ndikuyankhani kuti nkhani ya njala iyenera kukambidwa ndi anthu okhuta, pakuti njala ikalowa m'mudzi nthawi ya upo yatha, cotsala ndi kutenga thumba ndi kupita kukasuma. Cifukwa cace cherani khutu, ndipo zimene mumve mukauzeko anzanu amene alibe wailesi.

ZIMENE TINAONA M'CAKA CA 2024

Tiyambe ndi kukumbukira zimene zinatigwera. M'dzinja la 2023 kulowa 2024 anthu anabzala monga mwa masiku onse, ndipo m'madera ambiri cimanga cinamera bwino lomwe. Koma cakumapeto kwa January mvula inadula, nikhala masabata oposa 5 osagwa, dzuwa lirikuswa mtengo. Nthawi imeneyo ndiyo imene cimanga cimamasula ngayaye ndi kuturutsa ndebvu, ndipo pa moyo wace wonse palibe nthawi yina imene cimafuna madzi koposa imeneyi. Cimanga cacing'ono cikafota, mvula ikabwera cimatsitsimuka. Koma cikapsa pa nthawi ya ngayaye, ngakhale mvula igwe yambiri pambuyo pace, mlimi amakolola zitsononkho zopanda njere.

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala cimeneci ndi tsoka la dziko lonse. Mwa maboma 116 a m'Zambia, maboma 84 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cimanga, pafupi fupi 1 miliyoni anaonongeka. Pokolola, dziko linapata matani 1.5 miliyoni cabe, pamene caka cam'mbuyo linapata matani oposa 3.2 miliyoni. Boma linawerenga anthu 6.6 miliyoni ofunika thandizo. Anansi athu nawonso sanapulumuke: Malawi analengeza tsoka lomwelo mu March, ndipo Zimbabwe mu April, kotero kuti Boma linakapangana za kugula cimanga ku Tanzania.

Inu a m'tauni musati nkhani iyi ndi ya alimi okha. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, makina opanga magetsi nasowa cowazunguza, ndipo m'nyumba zina magetsi anali kuzima kufikira maola 21 pa tsiku. Mwini cigayo, woocherera zitsulo, wometa tsitsi ndi wogulitsa nsomba zaziwisi, onse anakhala manja lende. Cirala cimene cinayambira ku munda cinafika ndithu ku Lusaka ndi ku Copperbelt.

Ndiponso sicinali coyamba. Akuru akumbukira caka ca 1992, pamene tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kutsidya la nyanja. A ku Southern ndi ku Western Province akumbukira 2019. Okalamba a ku Malawi sanaiwale njala ya 1949. Mlendo amene wabwera kangapo konseko adziwa njira, ndipo adzabweranso.

CIRALA NDI NJALA NDI ZINTHU ZIWIRI

Tsono mvetsani cinthu ici. Cirala ndi kusowa kwa mvula, ndipo palibe munthu angathe kuciletsa. Njala ndi kusowa kwa cakudya, ndipo imeneyo anthu akhoza kuicingiriza. Tiyerekeze midzi iwiri yoyandikana, imene dzuwa laiomba cimodzi modzi. Mudzi woyamba unabzala cimanga cokha, unagulitsa zokolola zonse za caka catha, ndipo citsime cace ndi cimodzi cosazama. Mudzi waciwiri uli ndi cinangwa m'nthaka, mapira m'nkhokwe, madimba ku dambo ndi mbuzi m'khola. Cirala cawo ndi cimodzi, koma pofika December mudzi woyamba udzakhala ukulira maliro a ana, pamene waciwiri udzangocepetsa mitanda ya nsima.

Nzeru imeneyi ndiyo imene maiko anagwirizana kuti aitsate. Mu March 2015 nthumwi za maiko 187 zinasonkhana mu mzinda wa Sendai ku Japan, m'dera limene m'caka ca 2011 linaona cibvomezi cacikuru ndi mafunde a nyanja ya mcere amene anapha anthu zikwi zambiri. Kumeneko anabvomerezana pangano la zaka 15, kuyambira 2015 kufikira 2030, lochedwa Sendai Framework, limene linalowa m'malo mwa pangano la ku Hyogo la 2005. Mutu wa pangano limeneli ndi wakuti maiko aleke kumangodikira tsoka kuti ligwe ndi kuyamba kuthamanga ndi matumba a ufa, koma ayambe kucepetsa mphamvu ya tsoka lisanafike. Anachula nchito 4 zofunika kutsogoza: kudziwa ngozi, kugawana udindo, kuika cuma pa zinthu zoteteza, ndi kukhala okonzeka kuti tsoka likapita timangenso bwino koposa kale. Mau amenewa analembedwa kutali, koma tiyeni tiwatenge limodzi limodzi, tione ngati sangathe kugwira nchito pa bwalo la kwanu.

COYAMBA: KUDZIWA NGOZI

Akuru anati tsoka silinunkha, ndipo pa zinthu zambiri ananena zoona. Koma cirala masiku ano cimanunkha ndithu, ciri kutali. Ku nyanja yaikuru ya Pacific, pafupi ndi dziko la Peru, pakapita zaka 2 kufikira 7 madzi a pamwamba amafunda koposa masiku onse. Asodzi a kumeneko anacha cinthu cimeneci El Niño, ndiko kunena mwana wamwamuna, cifukwa anali kuciona pafupi ndi nyengo ya Khrisimasi. Madzi akafunda cotero mphepo zimasintha mayendedwe ace, ndipo mitambo ya mvula imasamuka. Kawiri kawiri kuno kumwera kwa Africa mvula imacepa, pamene ku Kenya ndi ku Somalia imacuruka. Si El Niño ali yense amene abala cirala, koma cirala ca 1992 ndi ca 2024, zonse ziwiri zinadza m'nyengo yace.

Tsono taonani: bungwe la maiko loona za nyengo linalengeza za El Niño mu July 2023, miyezi inai khasu lisanalowe m'munda. A za nyengo a Boma lathu nawonso amalengeza caka ndi caka, mvula isanayambe, za mmene dzinja lingathe kukhalira. Bvuto liri pakuti mau otere amafika msanga m'maofesi, koma amacedwa kufika kwa mai amene alikusankha mbeu. Cenjezo limene lafika munthu atabzala kale liri ngati mankhwala ofika pa manda. Cifukwa cace mu September ndi October mverani wailesi, funsani mlangizi wa malimidwe, ndipo a mfumu aitane anthu kuti amve onse pamodzi.

Pali kudziwa kwina kumene a ku Lusaka sangathe kukupatsani, cifukwa kuli ndi inu eni ace. Ndi citsime citi cimene cimayamba kuphwa? Ndi dambo liti limene limasunga cinyontho kufikira October? Ndi mabanja ati amene amayamba kugona ndi njala? Inu muwadziwa: amasiye, nkhalamba zolera adzukulu, odwala nthawi yaitali, ndi opunduka. Zimenezi zilembedwe m'buku la mudzi nthawi ya mtendere, kuti pa tsiku la msautso pasakhale kufunsana.

CACIWIRI: KUGAWANA UDINDO

Mutu umodzi susenza denga. Cirala ca 1992 cinaphunzitsa Boma kuti tsoka lifuna mwini wace wolidikira usana ndi usiku, ndipo m'caka ca 1994 linakhazikitsa nthambi yochedwa Disaster Management and Mitigation Unit, kapena kuti DMMU, mu ofesi ya Waciwiri kwa Pulezidenti. M'caka ca 2010 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la za masoka, limene linaika makomiti kuyambira pa dziko lonse, kutsikira ku zigawo, ku maboma, kufikira ku magulu a midzi. Palinso Food Reserve Agency, imene inabadwa ndi lamulo la 1995, ndipo nchito yace ndi kugula cimanga kwa alimi ndi kusunga nkhokwe ya dziko.

Makwerero amenewa ali ndi nchito ziwiri. Mau a cenjezo ndi thandizo zitsikirepo kucokera kumwamba, ndipo mbiri ya mabvuto ikwererepo kucokera pansi. Koma makwerero osowa mtanda wa pansi sakwereka. Kodi inu muwadziwa anthu a komiti ya kwanu? Kodi anakomana liti kotsiriza? Komiti imene imadzuka pokha pokha galimoto la cimanga likaoneka pa mseu, imeneyo ndi komiti ya kugawana, ndipo siingathe kuteteza mudzi.

Ndinenepo za kalembedwe ka maina, pakuti apa ndi pamene midzi yambiri imasweka. Thandizo silikwanira onse, ndipo wina ayenera kusankha. Wolemba akayamba ndi alamu ace ndi a cipani cace, mudzi umapulumuka njala koma udani umatsala zaka zambiri. Njira yabwino ndi yakuti anthu ayambe apangana za mtundu wa banja loyenera kulandira, asanachule dzina la munthu ali yense. Pambuyo pace maina awerengedwe mokweza pa bwalo, onse alikumva, ndipo wokhala ndi dandaulo alankhule pomwepo. M'komitimo mukhale amai okwanira, cifukwa iwo ndiwo adziwa nyumba imene sinafuke utsi dzulo.

CACITATU: KUIKA CUMA PA ZOTETEZA

Nchito iyi ndiyo yaikuru koposa zonse, ndipo ndiyo imene imaiwalika msanga, cifukwa icitika m'caka ca dzinthu pamene palibe wolira.

Tiyambe ndi mbeu. Makolo athu sanali kudalira mbeu imodzi. Mapira ali ndi mizu yambiri yozama, ndipo dzuwa likakula amaima kukula nadikira, mvula ikabwera napitiriza. Mcewere umabereka pa nthaka ya mcenga pamene cimanga cikana. Cinangwa cimakhala m'nthaka zaka ziwiri ndi kupitirira, ndiko kunena kuti ndi nkhokwe imene anankafumbwe salowamo, ndipo masamba ace ndi ndiwo. Khobwe, nandolo, nshawa ndi mbatata, zonsezi ziri ndi malo ace. Sindinena kuti muleke cimanga, iai. Ndinena kuti pa munda wanu mupatule cigawo ca mbeu zopirira, ndipo a za nyengo akacenjeza, musankhe cimanga cocha msanga.

Atonga a m'cigwa ca Gwembe, dziko la dzuwa lambiri, anali ndi nzeru yokolola kawiri: kamodzi ku minda ya mvula, ndi kaciwiri m'mphepete mwa Zambezi, pamene anali kubzala madzi osefukira akaphwera. Minda yambiri yotere inamira pamene nyanja ya Kariba inadzala, anthu okwana 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje nasamutsidwa. Koma nzeru yace ikalipo, ndipo ndiyo nzeru ya dimba. Mudzi umene usamala dambo lace, wosadula mitengo ya ku gwero la mtsinje, uli ndi munda waciwiri.

Za kalimidwe, kuyambira 1996 a Conservation Farming Unit anaphunzitsa alimi ambiri kukumba maenje obzalamo nthawi ya cirimwe, kuleka kutentha mapesi, ndi kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira. Dzenje limakola madzi pa tsinde la mbeu, ndipo mapesi amaphimba nthaka kuti dzuwa lisamwe cinyontho. Mtengo wa nsangu, umene ena auti musangu, umayoyola masamba m'dzinja, kotero kuti sucinga dzuwa pa mbeu, koma umanonetsa nthaka. Nchito ya maenje ndi yowawa msana, palibe wokana. Koma mvula ikadula masabata awiri kapena atatu, kusiyana kwace kumaoneka ndi maso.

Tsopano za nkhokwe. Mu May ndi June ogula amafika ndi sikelo pakhomo, ndipo ndalama iri m'manja imakoma. Koma cimanga cimene mugulitsa mochipa m'masika ndi comweco cimene mudzagula modula mu January. Musanagulitse, werengani. Onani kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 likutha masiku angati m'nyumba mwanu. Ngati litha masiku 20, ndiye kuti caka cifuna matumba 19. Onjezanipo ena a alendo, a maliro, ndi a miyezi itatu yoyembekezera ngati masika acedwa. Zotsala ndizo zogulitsa. Cimanga ciume bwino cisanalowe m'thumba, ndipo alipo matumba osalowa mpweya amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Amai asaleke kufutsa ndiwo ndi kumanga zikwatu, kapena kuyanika makaka; zinthu zimenezi zioneka zacikale kufikira tsiku limene zidzapulumutsa ana.

Maiko nawonso aphunzira kusunga. M'caka ca 2012 African Union inakhazikitsa bungwe la African Risk Capacity, kumene boma limalipira inshuwalansi mvula isanayambe, ndipo mvula ikacepa kupitirira muyeso wopanganidwa, ndalama zimaturuka msanga. M'caka ca 2024 Boma la Zambia linalandira kumeneko pafupi fupi madola 10 miliyoni a ku America. Ndalama zimenezi zinali zocepa poyerekeza ndi kukula kwa tsoka, koma zinali zokonzedweratu, zosacita kupempha. Ku mudzi, gulu losunga ndi kukongozana ndalama ligwira nchito yomweyo. Ku Zimbabwe kuli mwambo wa Zunde raMambo, pamene anthu amalima munda umodzi pamodzi, dzinthu zace nizisungidwa kwa mfumu cifukwa ca osowa. Ife amene tidziwa kulima dima, cingatibvute nciani?

CACINAI: KUPIRIRA NDI KUDZUKANSO

Ngakhale mudzi ukonzeke cotani, cidzafika caka cimene nkhokwe zidzatha. Pamenepo cofunika ndi kupulumutsa moyo popanda kupha mawa. Banja likayamba kugulitsa, liyambe ndi nkhuku ndi mbuzi, pakuti zimenezo zimaswana msanga. Ndipo ligulitse zikali zonenepa, msika usanadzale ndi ziweto zoonda. Koma ng'ombe zolimira, pulawo, makasu, munda ndi mbeu, zimenezi zigwiridwe ndi manja awiri. Banja limene ladya mbeu yace lasandutsa njala ya caka cimodzi kukhala ya zaka zitatu. Apa ndi pamene thandizo lofika msanga liposa thandizo lalikuru lofika mocedwa, ndipo ndi cifukwa cace a komiti ayenera kutumiza mbiri ku boma mbeu zikangoyamba kupsa, osadikira kuti anthu ayambe kutupa miyendo. M'caka ca 2024 Boma linathandiza mabanja ena ndi cimanga, ena ndi ndalama, ndi ena powalemba nchito za m'dera lawo. Colinga ca zonsezi cinali cakuti anthu adye osagulitsa zipangizo zawo.

Samalani ana ang'ono ndi amai apakati ndi oyamwitsa. Munthu wamkuru akaonda amanenepanso, koma mwana amene wasowa cakudya coyenera m'zaka ziwiri zoyamba amapinimbira, ndipo cironda cimeneco sicipola msanga. Mwana wotupa mapazi, kapena wa tsitsi lofiira lonyonyoka, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Ana asaleke sukulu, ndipo mtsikana asakwatitsidwe cifukwa ca thumba la ufa. Njala idzatha, koma ukwati wotere udzatsala. Za makala ndinene mau amodzi: munthu wanjala amene adula mtengo sitingathe kumdzudzula, koma mudzi upangane malo osadulidwa, maka maka ku magwero a madzi, kuti cirala cotsatira cisapeze mitsinje yakufa.

Mvula inabweranso, ndipo m'caka ca 2025 dziko linakolola cimanga coposa matani 3.6 miliyoni. Tinayamika. Koma akuru anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Kudzuka kweni kweni sikuli kubwerera pamene tinali, pakuti pamene tinalipo ndi pomwe tinagwera. Mu June 2025 ku Chisamba anatsegula malo opanga magetsi a dzuwa a mamegawati 100, kuti dziko lisadalire madzi okha. Dzuwa lomwe linatitentha ndilo linalembedwa nchito. Mudzi ucite cimodzi modzi. Citsime cimene cinaphwa cikumbidwe mozama. Mbuzi zimene zinagulitsidwa zibwezedwe m'khola wailesi yatsopano isanagulidwe. Munda umene unali wa cimanga cokha ulandire cinangwa ndi mapira.

MAU OTSIRIZA

Abale anga, ndikusiyirani mafunso 4 akuti mukafunsane pa bwalo sabata yomwe ino. Kodi cenjezo la nyengo litifika bwanji, ndipo alibweretsa ndani? Kodi komiti yathu ndi anthu ati, ndipo buku la maina liri kwa yani? Kodi mvula itadula mu February, tiri ndi ciani m'nthaka, m'nkhokwe ndi m'khola? Ndipo kodi ndi mabanja ati amene tidzayamba kuwanyamula? Mudzi umene ungathe kuyankha mafunso amenewa wayamba kale kugonjetsa njala.

Musaiwale funso lotsirizalo. Boma liri ndi nchito yace, ndipo tiyenera kulikumbutsa kosaleka. Koma galimoto la thandizo limatenga masabata kuti lifike, pamene mnansi afika tsiku lomwelo ndi mbale ya ufa. Kupatsa nkuika, ndipo mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.